Liu la Anthu a ku Mapiri ndi Cholembera cha Wophunzira: Kuunika Ntchito Zosimba Nthano ku Appalachia

1.0 Mau Oyamba

M'pepala lino tiunika ntchito zitatu zimene zinafikitsa nthano ndi nkhani za anthu a ku mapiri a Appalachia, kum'mawa kwa dziko la United States, kwa anthu a kunja kwa deralo. Ntchitozi ndizo buku la nthano za Jack limene Richard Chase anasindikiza m'chaka cha 1943. Magazini ndi mabuku a Foxfire amene ana a sukulu a m'boma la Rabun ku Georgia anayamba kukonza m'chaka cha 1966. Ndiponso makanema, zisudzo ndi wailesi za bungwe la Appalshop la ku Whitesburg, Kentucky, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1969. Ambiri amene analembapo za ntchitozi anaziyang'ana ndi diso la mbiri kapena la ndale. Ife tiziyang'ana ndi diso la chilankhulo, ndipo funso lathu ndi ili: munthu amene wakhala akunyozedwa kaamba ka kalankhulidwe kake akapatsidwa mpata wosimba yekha nkhani yake, chimachitika n'chiyani ku mau akewo pa ulendo wochokera pakamwa pake kukafika kwa womvera wakutali?

Ganizo limene tiliteteze lili pawiri. Choyamba, tikuti chitonzo chimene ntchitozi zinkalimbana nacho chimatha kulowanso m'nyumba kudzera m'kalembedwe, ngakhale wolemba ali ndi mtima wabwino ndiponso ali mwana wa m'mudzi momwemo. Chachiwiri, tikuti pothawa chithunzi chonyoza n'kwapafupi kugwera m'chithunzi china chokometsera, chimene nachonso chimabisa anthu enieni. Nkhaniyi ikuwakhudza okonza za chilankhulo kulikonse kumene kuli kalembedwe kovomerezeka kumbali ina ndi malankhulidwe a m'madera kumbali inayo.

2.0 Dera ndi Chithunzi Chake

Bungwe la boma la Appalachian Regional Commission, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, limawerengera m'dera la Appalachia mbali za zigawo 12, kuyambira kummwera kwa New York kufikira kumpoto kwa Mississippi, pamodzi ndi chigawo chonse cha West Virginia. Komatu chithunzi chimene tikukamba pano chinamatiridwa makamaka pa mapiri a pakati ndi a kummwera: kum'mawa kwa Kentucky ndi Tennessee, West Virginia, kumadzulo kwa Virginia ndi North Carolina, ndiponso kumpoto kwa Georgia.

Chithunzichi chili ndi nkhope ziwiri. Nkhope yoyamba ndi yokometsera. M'chaka cha 1899, William Goodell Frost, mkulu wa Berea College ku Kentucky, analemba nkhani m'magazini ya Atlantic Monthly imene inaonetsa anthu a ku mapiriwa ngati makolo akale a Amereka oyera amene adakali ndi moyo, osungika m'zigwa zao kutali ndi kusintha kwa nyengo. Frost ankafuna thandizo la ndalama la sukulu yake, ndipo anadziwa kuti olemera a kumpoto adzatsegula matumba ao akamva kuti akuthandiza abale a magazi ao. Nkhope yachiwiri ndi yonyoza, ndipo dzina lake ndi hillbilly: munthu waulesi, wosaphunzira, wokonda kachasu ndi mfuti. Zithunzi zoseketsa za Li'l Abner zinatuluka m'manyuzipepala kuyambira 1934 kufikira 1977. Sewero la pa wailesi ya kanema la The Beverly Hillbillies linaonetsedwa kuyambira 1962 kufikira 1971, ndipo ngakhale banja la m'seweromo linali la ku mapiri ena a Ozark, oonera sanasiyanitse. Kanema wa Deliverance wa 1972 anasandutsa munthu wa ku mapiri chilombo choopsa.

Pakati pa nkhope ziwirizi panabwera atolankhani a umphawi. Buku la Harry Caudill, loya wa ku Whitesburg, lotchedwa Night Comes to the Cumberlands, linatuluka m'chaka cha 1963, likufotokoza m'mene makampani a malasha anakolelera chuma cha deralo n'kusiya eni nthaka ali manja lende. M'mwezi wa Epulo 1964 Pulezidenti Lyndon Johnson anakaima pakhonde la nyumba ina yosauka m'boma la Martin ku Kentucky pofuna kulengeza nkhondo yake yolimbana ndi umphawi. Pambuyo pake ojambula anakhamukira kumeneko kukafuna ana opanda nsapato ndi nyumba zothimbirira.

Chimene tifuna owerenga aone n'chakuti m'nkhope zonsezi chilankhulo ndicho chinali chizindikiro chachikulu. Wokometsera ankati anthuwa amalankhula Chingerezi cha Shakespeare. Wonyoza ankati amalankhula Chingerezi chothyoka. Onse awiri anagwirizana pa mfundo imodzi, yoti kalankhulidwe ka ku mapiri si ka nthawi ino.

3.0 Umboni wa Akatswiri a Chilankhulo

Tisanaweruze ntchito zosimba nthano, tiyenera kukhala ndi muyeso, ndipo muyesowo tiutenga kwa amene anafufuza kalankhulidweka ndi makina ojambulira mau. Joseph Sargent Hall anayamba kusonkhanitsa mau a anthu a ku Great Smoky Mountains kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, pa nthawi imene mabanja ambiri ankasamutsidwa kuti malo ao asanduke paki ya boma. Zimene anasonkhanitsa zinakhala maziko a buku lotanthauzira mau la Dictionary of Smoky Mountain English, limene Michael Montgomery anamaliza ndi kusindikiza m'chaka cha 2004. Montgomery yemweyo anagwira ntchito yaikulu yogwetsa nthano yoti ku mapiri kumalankhulidwa Chingerezi cha m'nthawi ya Mfumukazi Elizabeth Woyamba. Anaonetsa kuti mbali ina ya galamala ya kumeneko inachokera kwa osamuka a ku Ulster, kumpoto kwa Ireland, amene makolo ao anali a ku Scotland. Mbali ina inachokera ku England. Ndipo mau ochuluka anabadwira ku America komweko. Palibe chilankhulo chimene chimaima chilili zaka mazana anai, ngakhale m'chigwa chobisika chotani.

Kafukufuku wina wofunika ndi wa Walt Wolfram ndi Donna Christian, amene anajambula mau m'maboma a Mercer ndi Monroe ku West Virginia n'kusindikiza buku la Appalachian Speech m'chaka cha 1976. Titengepo chitsanzo chimodzi. Olankhula a ku mapiri amaika mphatikiri a- kumayambiriro kwa mneni wothera ndi -ing, monga m'chiganizo chakuti he was a-hunting. Wojambula zithunzi zoseketsa amawaza mphatikiri ameneyu paliponse ngati mchere. Wolfram anaonetsa kuti pali malamulo okhwima. Mphatikiriyu amaikidwa pa mneni, osati pa dzina kapena mfotokozi wothera ndi -ing: munthu sanganene kuti the film was a-charming. Sabwera molunjika pambuyo pa mperekezi: sanganene kuti by a-working. Ndiponso amakana mneni amene phatikizo lake loyamba silitchulidwa mwamphamvu: a-following amamveka, a-discovering samveka. Kuwonjezera apo, mphatikiriyu amapezeka kwambiri munthu akamasimba nkhani, pamene zochitika zafika pokoma.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwa ife. Ikutanthauza kuti zina mwa zizindikiro zimene akunja amaseka ndizo zida za luso la wosimba nthano. Tsono wolemba amene azichotsa wachotsa luso, ndipo amene aziwaza mosatsata malamulo wanamizira wolankhulayo umbuli umene alibe.

4.0 Nthano za Jack: Mlendo Akonza Mau a Eni

Nthano za Jack zimasimba za mnyamata wosauka amene amagonjetsa zimphona, mafumu ndi mfiti mwa nzeru ndi mwai. Mizu yake ili ku Britain ndi ku Germany, koma zinakhazikika m'mabanja a Hicks, Harmon ndi Ward a ku Beech Mountain, North Carolina. Isabel Gordon Carter anasindikiza zina mwa izo m'chaka cha 1925 m'magazini ya Journal of American Folklore, monga anazimvera kwa Jane Gentry wa ku Hot Springs. Koma buku limene linazitchukitsa ndi The Jack Tales la Chase, mbadwa ya ku Alabama, amene anamva za nthanozi kwa Marshall Ward m'chaka cha 1935.

Chase sanabise njira yake. Ankamvera nthano imodzi kwa anthu angapo, n'kusankha zimene zamukomera kwa uyu ndi kwa uyo, n'kulumikiza zonse m'mau akeake. Ubwino wa bukuli sitiukana: linawerengedwa m'masukulu ndi m'nyumba zowerengeramo mabuku kwa zaka zambiri, ndipo linaonetsa munthu wa ku mapiri ali wochenjera, pa nthawi imene manyuzipepala ankamuonetsa ali chitsiru. Komabe kwa wofufuza chilankhulo bukuli si umboni. Chiganizo chilichonse m'menemo chadutsa m'khutu ndi m'dzanja la Chase, ndipo sitingaloze munthu mmodzi amene anachilankhula. Kalankhulidwe ka m'bukumo ndi kosefedwa kuti kakomere mwana wa m'tauni: kali ndi zizindikiro zokwanira kumukumbutsa kuti ali ku mapiri, koma zosachuluka mpaka kumuvutitsa.

Kusiyana kwake kumaoneka tikamvera Ray Hicks, amene anabadwa mu 1922 n'kumwalira mu 2003. Hicks anasimba nthano pa chikondwerero choyamba cha National Storytelling Festival ku Jonesborough, Tennessee, m'chaka cha 1973, ndipo analandira ulemu wa National Heritage Fellowship m'chaka cha 1983. M'zojambulidwa zake, kuphatikizapo kanema wa Appalshop wotchedwa Fixin' to Tell About Jack, nthano siyenda mowongoka. Hicks amapatuka n'kufotokoza za njala imene iye mwini anaiona, za zitsamba zimene ankathyola m'phiri kukagulitsa, kenaka n'kubwerera kwa Jack. Kupatukaku ndiko kumasandutsa Jack kukhala mnansi wa womvera. Ife amene tinakulira pa nthano za madzulo tikudziwa kuti wosimba akati "Padangokhala," omvera n'kuyankha kuti "Tili tonse," nthanoyo yakhala ya onse amene ali pabwalopo, ndipo imasintha malinga ndi amene alipo. Buku la Chase linasunga chigoba cha nkhani, n'kutaya bwalo.

5.0 Foxfire: Adzukulu Alemba Mau a Agogo

Foxfire inasintha chinthu chachikulu: wogwira makina ojambulira anali mwana wa m'deralo. M'chaka cha 1966 mphunzitsi wa Chingerezi Eliot Wigginton, pa sukulu ya Rabun Gap-Nacoochee, anagwirizana ndi ophunzira ake kuti ayambitse magazini, ndipo yoyamba inatuluka mu 1967. Dzinalo ndi la bowa wina amene amawala usiku pa mitengo yowola. Anawo ankapita kwa achikulire kukafunsa za kumanga nyumba ya mitengo, kupha ndi kusenda nkhumba, kubzala potsata mwezi, mankhwala a zitsamba ndi kutcheza kachasu. M'chaka cha 1972 kampani ya Doubleday inasonkhanitsa nkhanizi m'buku la The Foxfire Book, limene linagulidwa kwambiri, ndipo mabuku a nambala anafika 12 pomafika chaka cha 2004. Owerenga aone kuti 1972 ndicho chaka chimene Deliverance anatuluka, ndipo kanemayo anajambulidwa pa mtsinje wa Chattooga m'boma lomwelo la Rabun. Boma limodzi laling'ono linapereka ku dziko zithunzi ziwiri zotsutsana m'chaka chimodzi.

Pa nkhani ya zimene zili m'kati, Foxfire inapambana. Wowerenga amene watsata tsatanetsatane wa kusema matabwa a denga kapena kukonza sopo sangathe kunena kuti anthuwa ndi aulesi kapena opanda nzeru. Mai wachikulire Arie Carpenter, amene owerenga anamudziwa monga Aunt Arie, anakhala munthu weniweni m'maganizo a anthu ochuluka, wanthabwala zake, wamantha ake ndi wausiwa wake.

Vuto lathu lili pa kalembedwe. M'masamba a Foxfire muli malilime awiri. Ophunzira akamalemba mau ao oyamba ndi ofotokoza, amalemba Chingerezi cha kusukulu, chopanda banga. Achikulire akamalankhula, mau ao amadzadza timikodo tosonyeza malembo osiyidwa: th' m'malo mwa the, t' m'malo mwa to, an' m'malo mwa and. Cholinga chinali chaulemu, chosunga liu la agogo. Komatu pafupifupi aliyense wolankhula Chingerezi, ngakhale mphunzitsi wa pa yunivesite, amafupikitsa timau timeneti polankhula mwachangu. Ophunzirawo, amene anali adzukulu a m'zigwa zomwezo, nawonso ankatero. Tsono timikodoti sitionetsa kusiyana kwa katchulidwe. Timaonetsa kuti ndani ali ndi cholembera ndipo ndani alibe.

George Philip Krapp, m'zaka za m'ma 1920, anatcha mchitidwe woterewu eye dialect, kutanthauza kalankhulidwe ka m'maso chabe, monga kulemba wuz kapena sez pamene katchulidwe kake n'kofanana ndi ka wina aliyense. Chitsanzo chapafupi kwa ife ndi ichi. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa amati tilembe r pambuyo pa e kapena i, koma olankhula ambiri, ophunzira ndi osaphunzira omwe, sasiyanitsa l ndi r pakamwa. Wolemba nkhani amene apatsa mlimi mau akuti "ndabwela" n'kupatsa sing'anga wa kuchipatala "ndabwera" sanalembe zimene anamva. Walemba zimene amaganiza za anthu awiriwo.

Mtsutso umenewu unafika m'magazini ya Journal of American Folklore m'chaka cha 1982, pamene Dennis Preston anadzudzula osonkhanitsa nthano kuti amapotoza malembo mosatsata dongosolo, ndipo kuti kuteroko kumatsitsa wolankhula m'maso mwa wowerenga. M'chaka chotsatira Elizabeth Fine anamuyankha, kuteteza kalembedwe kosonyeza kalankhulidwe, poti kulemba zonse m'kalembedwe kovomerezeka kumafafaniza liu la munthu ndi luso lake. M'kuona kwathu onse awiri anagwira mbali ya choonadi, ndipo njira yotulukira ndiyo kulekanitsa galamala ndi mau kumbali imodzi, katchulidwe kumbali ina. Pamene wachikulire anena hit m'malo mwa it, kapena might could, kapena you'uns, kapena a-hunting, zimenezo ndi zake zenizeni, ndipo kuzikonza ndi kuba. Pamene angofupikitsa and monga achitira aliyense, kuika kamkodo ndi kumusala. Foxfire inasunga zoyambazo mokhulupirika, ndipo pa chimenecho ofufuza ayenera kuithokoza. Inalakwa posakaniza ndi zachiwirizo.

6.0 Appalshop: Liu Lidzimvekera Lokha

Appalshop inayamba monga malo ophunzitsira achinyamata kujambula kanema, ndi thandizo la Office of Economic Opportunity ndi American Film Institute, motsogozedwa ndi Bill Richardson. Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo pano mlendo anabweretsa kamera. Koma achinyamatawo, m'malo mopita kukafuna ntchito m'mizinda ikuluikulu monga oyambitsa ankayembekezera, anakhala kwao n'kuloza kamerayo kwa anansi ao. Pambuyo pake panabadwa kampani yojambula nyimbo ya June Appal m'chaka cha 1974, gulu la zisudzo la Roadside Theater mu 1975, ndi wailesi ya WMMT mu 1985.

Pa nkhani ya chilankhulo, mphamvu ya makanema ambiri a Appalshop ili pa chinthu chimene mulibe. Kanema wa akunja wa m'zaka za m'ma 1960 ankakhala ndi wofotokoza wa Chingerezi cha mumzinda, amene ankauza oonera tanthauzo la zimene munthu wa ku mapiri wanena. Wofotokozayo ali ngati mau oyamba a wophunzira m'Foxfire: amaika malilime awiri pa sikelo, lina pamwamba lina pansi. Ojambula a Appalshop kawirikawiri anamchotsa. Wokumba malasha amafotokoza yekha za matenda a m'mapapo, za mgwirizano wa antchito, za malamulo a nthaka, ndipo womvera amakakamizika kulandira kalankhulidwe ka ku mapiri monga chilankhulo chokambira zinthu zozama. Kwa wokonza za chilankhulo ili ndi phunziro la ulemu wa chilankhulo: kalankhulidwe kamakwera pamene kapatsidwa ntchito zolemera, ndipo kuyamikiridwa kokha sikukwanira.

Ntchito imene tiiona kuti ndi yakupsa koposa ndi kanema wa Elizabeth Barret wa 2000, Stranger with a Camera. Akusimba za imfa ya Hugh O'Connor, wojambula kanema wochokera ku Canada, amene anawomberedwa ndi mfuti mu Seputembala 1967 ku Jeremiah m'boma la Letcher ndi Hobart Ison, mwini nyumba zobwereketsa, atangojambula wokumba malasha pakhonde la imodzi mwa nyumbazo. Oweruza a mlandu woyamba analephera kugwirizana. Pambuyo pake Ison anavomera mlandu wocheperapo, nagamulidwa zaka khumi, n'kutuluka patapita chaka chimodzi. Barret, amene anakulira kum'mawa kwa Kentucky m'banja losasowa, sakometsera mbali iliyonse. Akuonetsa anansi amene anamvera chisoni wakuphayo chifukwa anatopa ndi kujambulidwa ngati nyama za m'khola; akuonetsanso mwana wamkazi wa wophedwayo; ndipo akudzifunsa ngati iye, pokhala wa kumeneko, ali ndi ufulu woposa wa mlendo. Kanemayu akugwetsa ganizo lophweka loti wa m'mudzi akagwira kamera ndiye kuti choonadi chapezeka. M'mudzi momwemo muli mwini nyumba ndi wobwereka, ndipo nkhani zao sizifanana.

Roadside Theater inatenga njira ina. M'sewero la Red Fox/Second Hangin' la 1976, amuna atatu pa nsanja yopanda zokongoletsa zambiri amalandirana nkhani pakamwa monga achitira anthu pakhonde, akusimba mbiri ya kupachikidwa kwa anthu awiri m'boma la Wise ku Virginia m'zaka za m'ma 1890, motsutsana ndi m'mene mabuku anaisimbira. Gululi, pamodzi ndi Junebug Productions ya John O'Neal ku New Orleans, linakulitsanso njira ya bwalo la nkhani: anthu amakhala mozungulira, aliyense amasimba nkhani imene inamuchitikira pa mutu umene agwirizana, ndipo palibe womudula mkamwa. Pano nthano yabwerera pabwalo pamene Chase anaichotsa.

7.0 Amene Chithunzi Chokometsera Chiwasiya Kunja

Tinanena kuti pali ngozi yachiwiri. Mabuku oyamba a Foxfire, ndi kutchuka kwa nthano za Jack, zinakhazikitsa munthu wa ku mapiri wokondedwa: wachikulire, woyera khungu, wodzidalira, wa pa nyumba ya mitengo. Ameneyu ndi mdzukulu wa chithunzi cha Frost cha 1899. Anthu ambiri a m'mizinda amene anagula mabukuwa m'zaka za m'ma 1970 ankafuna moyo wakale wosalira zambiri, ndipo anaupeza. Sewero la Foxfire la Susan Cooper ndi Hume Cronyn, limene linafika ku Broadway mu 1982, linatsata mzere womwewo wa nkhalamba yokana kusiya malo ake.

Koma mapiriwa anali kwao kwa a Cherokee asanabwere azungu, ndipo a Eastern Band of Cherokee Indians akukhalabe kumadzulo kwa North Carolina, kumene akulimbana kuti chilankhulo chao chisafe. Migodi ya malasha inakoka anthu akuda ochokera kummwera ndi osamuka a ku Italy, Hungary ndi Poland. Tauni ya Lynch ku Kentucky, imene kampani ya U.S. Steel inamanga kuyambira 1917, inali ya mitundu yambiri. William Turner ndi Edward Cabbell anasindikiza Blacks in Appalachia mu 1985, ndipo mu 1991 wolemba ndakatulo Frank X Walker anapanga liu lakuti Affrilachia kuti anthu akuda a m'deralo akhale ndi dzina. Kupanga liu kumeneku ndi ntchito yokonza chilankhulo yochokera pansi, yopanda bungwe la boma, ndipo liulo linalandiridwa.

Kufunika kwa zonsezi kunaonekanso m'chaka cha 2016, pamene buku la J. D. Vance la Hillbilly Elegy linatengedwa ndi owerenga ambiri monga kufotokoza kwa dera lonse, ngakhale wolembayo anakulira ku Middletown, Ohio. Mayankho anabwera msanga: What You Are Getting Wrong About Appalachia la Elizabeth Catte mu 2018, ndi Appalachian Reckoning, lokonzedwa ndi Anthony Harkins ndi Meredith McCarroll, mu 2019. Buku lachiwirili linayankha liu limodzi ndi mau a olemba ambiri osiyanasiyana, imene ili njira ya bwalo la nkhani itasamutsidwira pa pepala.

8.0 Mfundo kwa Okonza za Chilankhulo

Kuchokera m'kuunikaku tikutolapo mfundo zinai. Yoyamba ndi yoti wolemba mau a munthu wina agwiritse ntchito muyeso umodzi kwa onse, iye mwini kuphatikizapo. Ngati mafunso a wofufuza alembedwa m'kalembedwe kovomerezeka, mayankho alembedwe chimodzimodzi, kupatula pamene pali liu, mphatikiri kapena kamangidwe ka chiganizo kamene kalidi ka wolankhulayo.

Yachiwiri ndi yoti luso la wosimba lili ndi njira zina zolisonyezera pa pepala zosapotoza malembo. Dennis Tedlock, polemba nthano za a Zuni m'buku la Finding the Center la 1972, anadula mizere pamene wosimba wapuma, nasonyeza kukweza ndi kutsitsa kwa mau. Njira yotere imaonetsa wosimba monga mmisiri, ndipo ikanamukomera Ray Hicks kuposa timikodo.

Yachitatu ikukhudza sukulu. Wolfram ndi anzake ku North Carolina anapanga kanema wa Mountain Talk mu 2004, ndipo Jeffrey Reaser ndi Wolfram anakonza maphunziro a Voices of North Carolina, m'mene ana amapatsidwa ziganizo kuti adzipezere okha malamulo a mphatikiri a-. Mwana amene wazindikira kuti kalankhulidwe ka agogo ake kali ndi malamulo angathe kuphunzira kalembedwe kovomerezeka popanda kuchita manyazi ndi kwao. Foxfire inatumiza ana kukamvera. Gawo lotsatira ndilo kuwaphunzitsa kusanthula zimene amva.

Yachinai ndi ya kusunga. Kumapeto kwa Julaye 2022 madzi osefukira anapha anthu oposa 40 kum'mawa kwa Kentucky, ndipo mtsinje wa North Fork unalowa m'nyumba ya Appalshop ku Whitesburg n'kumiza mosungiramo makanema, matepi ndi zithunzi za zaka zoposa makumi asanu. Ntchito yopulumutsa zimene zikanatheka inatenga akatswiri a m'malo ambiri. Popeza taonetsa kuti pepala silingalowe m'malo mwa liu lojambulidwa, kutayika kwa tepi ndi kutayika kwa umboni umene sungabwezedwe. Bungwe lililonse losonkhanitsa nthano liyenera kukhala ndi makope a zojambulidwa zake m'malo oposa amodzi, ndipo eni nkhanizo akhale ndi mau pa za amene angazimvere ndi kuzigwiritsa ntchito.

Chiweruzo chathu pa ntchito zitatuzi n'chakuti Chase anapulumutsa nkhani koma sitingamudalire pa chilankhulo. Foxfire inapulumutsa chidziwitso, mau ndi galamala, koma kalembedwe kake kanasiya mpanda pakati pa mdzukulu wolemba ndi agogo olankhula. Appalshop, posiya liu kuti limveke lokha ndiponso polola mau otsutsana a m'mudzi umodzi, inafika pafupi kwambiri ndi cholinga. Funso limene latsala lotseguka, ndipo tikulipereka kwa anzathu ofufuza, ndi la m'mene kalankhulidwe kopanda kalembedwe kakekake kangalembedwere m'mabuku a ana a sukulu popanda kukafafaniza ndiponso popanda kukasandutsa choseketsa.